Lamya Zosamvana: Chifukwa Chake Uthenga wa Pagulu Sufika kwa Onse ku Mwanza

Anthu a m'boma la Mwanza akhala m'mbali mwa njira yaikulu ya dziko lino. Msewu wochokera ku Blantyre, umene upatuka pa Zalewa, ufika pa chipata cha Mwanza, ndipo kutsidya kwake kuli Zobue, m'dziko la Mozambique. Kuchokera pamenepo magalimoto apita ku Tete, nawoloka mtsinje wa Zambezi, nalowa mu Zimbabwe pa Nyamapanda, ndipo ambiri apitirira mpaka ku Beitbridge ndi ku Johannesburg. Chotero si chachilendo kuti m'midzi ya kwa Kanduku, kwa Nthache ndi kwa Govati mabanja ambiri ali ndi ana awo kunja kwa dziko: wina ayendetsa galimoto la katundu, wina achita malonda ku Tete, wina agwira ntchito ku Joni.

Kale mabanja otere ankamvana ndi kalata, imene inkakhala panjira milungu ingapo. Lero amvana pa lamya ya m'manja, imene anthu aitcha foni, ndipo chimene chazolowereka kopambana ndicho gulu. Anthu khumi, makumi awiri kapena kuposa pamenepo asonkhanitsidwa pamodzi m'lamya, kotero kuti mmodzi akalemba uthenga onse aulandira nthawi yomweyo. Alipo magulu a pachibale, a mpingo, a aphunzitsi, a oyendetsa magalimoto, a ogula manachesi, ndi a anthu amene athandiza amalonda kuombola katundu pa chipata.

Ambiri aganiza kuti uthenga ukalembedwa pa gulu ndiye kuti wafika kwa onse oyenera kuumva. Si choncho ayi. Lamya zimene zili m'manja mwa anthu si za mtundu umodzi, ndipo zina sizimvana ndi zinzake. Nkhani imeneyi yautsa mkangano waukulu ku America ndi ku Ulaya, mpaka kulowa m'mabwalo a milandu. Koma ku Mwanza vutoli labwera mwa njira yakeyake, imene iyenera kufotokozedwa bwino, pakuti uthenga ukapanda kufika pakhoza kutayika ndalama, ulemu wa pa maliro, ngakhale moyo umene.

MITUNDU ITATU YA LAMYA

Lamya iliyonse yamakono ili ndi pulogalamu yaikulu imene iyendetsa zonse za m'kati mwake, monga momwe mfumu iyendetsera mudzi. Mapulogalamu ena onse akhala pansi pa iyo, natsata malamulo ake. Mapulogalamu aakulu otere amene afalikira pa dziko lapansi alipo awiri. Yoyamba ndi iOS, ya kampani ya Apple ya ku America, imene ipezeka m'lamya za iPhone zokha. iPhone yoyamba inatuluka m'chaka cha 2007. Yachiwiri ndi Android, ya kampani ya Google, imene lamya yake yoyamba inagulitsidwa m'chaka cha 2008.

Apple ipanga yokha lamya zake, ndipo silola wina aliyense kugwiritsa ntchito pulogalamu yake. Google yasiyana nayo pamenepa, pakuti ilola makampani ambiri kuika Android m'lamya zawo. Ndicho chifukwa chake Samsung, Tecno, Itel ndi Infinix, ngakhale maina ndi osiyana, zonse ndi za banja limodzi la Android. Zitatu zomalizazo zipangidwa ndi kampani imodzi, Transsion, ya mumzinda wa Shenzhen ku China, ndipo popeza mtengo wake ndi wotsikirapo, ndizo zimene zichuluka m'masitolo a dziko lino. Ma iPhone alipo, koma ndi owerengeka, ndipo ena mwa iwo ndi ogwiritsidwa kale ntchito, otumizidwa ndi achibale a kunja.

Mtundu wachitatu, umene suganiziridwa ndi anthu a ku America pa mikangano yawo, ndiwo lamya yamabatani. Iyi iimba, ilandira uthenga wa SMS, itumiza ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba, ili ndi wailesi ndi tochi, ndipo batire lake likhala masiku angapo osatha moto, chinthu chofunika kwambiri m'mudzi umene mulibe magetsi. Koma zambiri mwa lamya zimenezi sizingathe kulowa pa gulu. Kalembera wa chaka cha 2018 anapeza anthu 130,949 m'boma la Mwanza. Ndipo m'dziko lonse anapeza kuti pa mabanja 100 aliwonse, pafupifupi 52 anali ndi lamya ya m'manja, pamene ofikira pa intaneti anali ngati 16 okha. Ziwerengero zimenezi zakwera chichitikire kalemberayo, komabe zisonyeza kuti kukhala ndi lamya ndi kwina, kukhala pa gulu ndi kwinanso.

MKANGANO WA BULUU NDI WOBIRIWIRA

Uthenga wa SMS ndiwo wakale pa yonse. Woyamba unatumizidwa ku England pa 3 December 1992, ndipo kufikira lero uthenga umodzi utenga zilembo 160. Ubwino wake ndi wakuti lamya ya mtundu uliwonse iudziwa, pakuti makampani a maiko ambiri anagwirizana za malamulo ake kuyambira pachiyambi. Koma unakonzedwera anthu awiri okha. Munthu akhoza kutumiza mawu amodzi kwa anthu khumi, koma alipira kakhumi, ndipo aliyense akayankha, yankho lake libwerera kwa wotumiza yekha, ena asanu ndi anayiwo osamva kanthu. Pambuyo pake kunabwera MMS, imene inyamula zithunzi ndi kulola kukambirana kwa pagulu, koma mphamvu yake ndi yochepa.

M'mwezi wa October 2011 Apple inayambitsa njira yakeyake, iMessage, imene iyenda pa intaneti pakati pa zipangizo za Apple zokhazokha. Onse a pa gulu akakhala ndi iPhone, mauthenga aoneka ndi mtundu wa buluu, zithunzi zifika zooneka bwino, wotumiza adziwa ngati uthenga wawerengedwa, ndipo mawu atsekedwa kotero kuti wa panjira sangawawerenge. Koma pa zaka zambiri, pa gulu lotero pakalowa munthu mmodzi yekha wa Android, gulu lonse linkabwerera ku njira yakale ya MMS. Mauthenga ankasanduka obiriwira, zithunzi ndi kanema zinkafika zofufutika, kuonjeza kapena kuchotsa munthu kunkafuna kuyamba gulu latsopano, ndipo chinsinsi chija chinkatha.

Ku America, kumene ma iPhone ndi ochuluka ndipo anthu anazolowera kulemberana ndi pulogalamu imene lamya inabwera nayo, nkhaniyi inafika posiyanitsa anthu, makamaka achinyamata, ena nakanidwa pa magulu a anzawo chifukwa cha lamya yawo. M'mwezi wa September 2022, munthu wina atadandaula pa msonkhano kuti sangathe kutumiza kanema wabwino kwa amayi ake a lamya ya Android, mkulu wa Apple, Bambo Tim Cook, anamuyankha kuti awagulire iPhone amayi akewo. M'mwezi wa March 2024 Boma la America linasumira Apple ku bwalo la milandu, ndipo pa madandaulo ake panalinso nkhani imeneyi ya mauthenga.

MLATHO UMENE A MALAWI ANASANKHA

Mkangano wa mitundu iwiri ija sunasautse anthu a ku Mwanza, pakuti iwo anadzera njira ina. Banja limene wina ali ndi nambala yoyamba ndi +265 ya kuno kwathu, wina +258 ya ku Mozambique, wina +263 ya ku Zimbabwe, ndi wina +27 ya ku South Africa, silingathe kukambirana pa SMS, pakuti uthenga uliwonse wowoloka malire ulipiridwa mtengo wa kunja. Chimene chinathandiza mabanja otere ndi WhatsApp.

Pulogalamu imeneyi inayambitsidwa ku America m'chaka cha 2009 ndi Jan Koum ndi Brian Acton, ndipo magulu anayamba m'chaka cha 2011. Kampani ya Facebook, imene kuyambira 2021 itchedwa Meta, inaigula m'chaka cha 2014 pa mtengo wa madola pafupifupi 19 biliyoni. Nzeru yake ndi yosavuta kumva. M'malo moyembekeza kuti Apple ndi Google agwirizane, eni ake analemba pulogalamu yawo ya Android, nalembanso ina ya iPhone, ndipo zonse ziwiri zikumana pa makina a kampaniyo kudzera pa intaneti. Chotero wa Itel ya mtengo wochepa ndi wa iPhone yatsopano akhala pa gulu limodzi popanda kusiyana, ndipo palibe angadziwe lamya ya mnzake poona mtundu wa uthenga.

Palinso zina zimene zinakondweretsa anthu a pa malire. Woyendetsa galimoto akawoloka pa Zobue naika simu khadi ya Vodacom kapena Movitel m'lamya mwake, WhatsApp yake ipitirira kuyenda ndi nambala yake ya kwawo. Wosadziwa kulemba ajambula mawu ake nawatumiza, ndipo wosadziwa kuwerenga amvetsera. Kuyambira m'chaka cha 2016 mauthenga onse atsekedwa kuchokera kwa wotumiza kufikira kwa wolandira, ndipo kuyambira kumapeto kwa 2022 gulu limodzi likhoza kutenga anthu 1,024. Makampani a Airtel ndi TNM nawonso anaona kumene anthu alowera, nayamba kugulitsa mabandulo a mtengo wochepa a mapulogalamu ochezera.

AMENE ATSALA KUNJA

Koma walira mvula walira matope. Mlatho umene unalumikiza Android ndi iPhone unasiya wa lamya yamabatani kutsidya, ndipo kutsidyako kuli anthu amene mwambo unawaika patsogolo.

Owerenga ayerekeze banja la ku Thambani limene mwana wake wamwalira ku Johannesburg. Abale a womwalirayo a ku Joni, mlongo wake wa ku Blantyre ndi msuweni woyendetsa galimoto ali pa gulu limodzi. M'maola ochepa agwirizana za ndalama zosonkha, za galimoto lonyamula thupi, ndi za tsiku limene lidzawoloke pa chipata cha Mwanza. Koma amalume, amene ndiwo eni mbumba, ali ndi lamya yamabatani. Iwo ndiwo ayenera kukagwada kwa a nyakwawa, kuti a nyakwawa alengeze maliro ndi kuuza adzukulu za manda. Zonse zimene gulu lagwirizana ziwafika mochedwa, kudzera mwa mnyamata wina wa m'mudzi amene ali ndi lamya yamakono, ndipo zifika pokhapokha mnyamatayo akakhala ndi bandulo, ndi moto m'batire, ndi netiweki.

Tsono zikalata zikachedwa pa Beitbridge, tsiku nalisintha, uthenga ulembedwa pa gulu ndipo onse a pa gululo akhala pansi mtima uli m'malo, poganiza kuti kumudzi kwamveka. Kumudzi anthu asonkhana, ufa ndi nkhuni zitha, ochokera kutali agona pa siwa masiku awiri, ndipo amalume achita manyazi pamaso pa mfumu chifukwa cha zinthu zimene sanauzidwe. Palibe anachita chipongwe dala. Cholakwa ndi chakuti ana anaiwala kuti gulu lawo lili ndi khomo limene lamya ya amalume singalowepo.

Zofanana ndi izi zichitika pa malonda. Pa nyengo ya manachesi, amene Mwanza atchuka nawo m'dziko lonse, wogula amene ali pa gulu la anzake adziwa m'mawa womwewo mtengo wa ku Limbe ndi wa ku Lilongwe, pamene mlimi wa lamya yamabatani agulitsa dengu lake pa mtengo umene wauzidwa. Ndiponso pa nthawi ya ngozi nkhaniyi ikula koposa. Namondwe wa Freddy atagwa m'mwezi wa March 2023, Mwanza linali limodzi mwa maboma a m'chigawo cha kummwera amene Boma linalengeza kuti agweredwa tsoka. Machenjezo a za nyengo afalikira msanga pa magulu. Koma chenjezo limene lathera pa gulu silipulumutsa mayi wokhala m'mbali mwa mtsinje amene lamya yake ilandira SMS yokha.

LAMYA NAZO ZIKALAMBA

Vuto lachiwiri ligwera iwo amene ali kale pa gulu. Lamya ikhoza kukhala yamoyo, galasi lake losasweka, batire lake labwino, koma eni WhatsApp nalengeza kuti pulogalamu yaikulu ya m'kati mwake yakalamba. Izi zachitika kangapo. Lamya za BlackBerry zinasiyidwa kumapeto kwa 2017, za Nokia zamabatani zotchedwa S40 kumapeto kwa 2018, ndipo za Windows kumapeto kwa 2019. M'mwezi wa October 2023 zinasiyidwa lamya za Android yakale yosafika pa nambala 5. M'chaka cha 2025 zinasiyidwa iPhone 5s, iPhone 6 ndi iPhone 6 Plus, zimene sizingathe kulandira iOS yatsopano.

Panalinso lamya zina zamabatani zokhala ndi pulogalamu yotchedwa KaiOS, zimene zinkalowa pa intaneti ndi pa WhatsApp pa mtengo wochepa, ndipo kampani ya TNM inagulitsapo lamya yamtunduwu m'dziko muno. Ambiri anaziona ngati njira yolowetsera anthu a kumudzi pa magulu. Koma m'chaka cha 2024 WhatsApp inaleka kulandira olembetsa atsopano pa lamya zimenezi, ndipo mu 2025 inazisiya.

Eni makampani anena kuti lamya zakale sizingathe kusunga chinsinsi bwino ndiponso kuti ozigwiritsa ntchito atsala ochepa, ndipo m'mawu amenewa muli choonadi. Koma ochepawo akhala kuti? Lamya imene yatopetsa mwini wake ku Johannesburg ndiyo itumizidwa kumudzi pa basi ngati mphatso, ndipo ifika itatsala pang'ono kusiyidwa. Kugula ina si chinthu chapafupi, pakuti lamya zonse zichokera kunja, ndipo kwacha itachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti m'mwezi wa November 2023 mitengo ya katundu wa kunja inakwera. Malangizo akuti mwana agulire amayi ake iPhone akhoza kumveka ku California. Kwa Nthache ndi nthabwala yowawa.

Ngakhale wopeza lamya yatsopano akumana ndi kusamvana kwa mabanja awiri aja. Lamya ya Android isunga mauthenga akale ku Google Drive, pamene iPhone isunga ku iCloud, ndipo nkhokwe ziwirizi sizitsegulirana. Pa zaka zambiri munthu wosamuka kuchoka ku mtundu umodzi kupita ku unzake ankataya mauthenga ake onse, pamodzi ndi zithunzi za malisiti ndi mndandanda wa osonkha ndalama. Njira yosamutsira kuchokera ku iPhone kupita ku Android inatsegulidwa m'chaka cha 2021, ndipo yochokera ku Android kupita ku iPhone mu 2022, koma ifuna kuti lamya zonse ziwiri zikhale pamodzi ndi zamoyo. Woberedwa lamya sangathandizidwe nayo.

NYUMBA YA MWINI

Akulu anati nyumba ya mwini saotchera mbewa. Anthu amene aika nkhani zawo zonse za maliro, za malonda ndi za mpingo pa pulogalamu imodzi ayenera kukumbukira kuti akhala m'nyumba ya kampani ya kutali, imene isintha malamulo ake osafunsa wina aliyense wa ku Mwanza. Pa 4 October 2021 makina a kampaniyo anafa kwa maola pafupifupi asanu ndi limodzi, ndipo magulu onse pa dziko lapansi anakhala chete. Tsiku limenelo anthu anabwerera ku SMS ndi kuimbirana.

Zinalipo zina zisanabwere izi. Ku South Africa kunatchuka Mxit, pulogalamu yochokera ku Stellenbosch imene inkayenda ngakhale pa lamya zamabatani, koma inatsekedwa m'chaka cha 2016. Kunatchukanso BBM, ya lamya za BlackBerry, imene eni ake anaisunga kwa zaka zambiri kuti ikhale ya lamya zawo zokha. Anaitsegulira Android ndi iPhone m'chaka cha 2013, anthu atapita kale kwina, ndipo inatsekedwa pa 31 May 2019. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

PHUNZIRO LA NJANJI NDI POSITI

Mankhwala a vuto lotere si achilendo, ndipo chitsanzo chake chili m'boma la Mwanza momwemo. Sitima za malasha zochokera ku Moatize zidutsa m'bomali kupita ku Nkaya ndi ku doko la Nacala popanda kutsitsa katundu pa malire, pakuti njanji za Malawi ndi za Mozambique zili ndi mpata umodzi, wa mamilimita 1,067, umenenso uli wa njanji za Zimbabwe ndi za South Africa. Dziko lililonse likanayala njanji ya mpata wakewake, katundu akanasamutsidwa pa malire aliwonse.

Chimodzimodzinso positi. Makolo amene anapita ku migodi ndi Wenela ankaika kalata ku Joni, ndipo inkafika ku positi ofesi ya kwawo ndi sitampa imodzi, chifukwa maiko anapangana ku Bern m'chaka cha 1874 kuti azilandirana makalata. Za matelegalamu anapangana ku Paris m'chaka cha 1865. Ngakhale lero wa nambala ya Airtel aimbira wa TNM popanda kufunsa, pakuti malamulo a dziko lino, amene bungwe la MACRA liyang'anira, afuna kuti makampani a lamya alumikizane. Mauthenga a pagulu okha ndiwo anakula popanda pangano lotere, kampani iliyonse niyala njanji ya mpata wake.

Bungwe la GSMA, limene lisonkhanitsa makampani a lamya a pa dziko lonse, linakonza njira yotchedwa RCS kuti ilowe m'malo mwa SMS ndi MMS, ndipo m'chaka cha 2016 linatulutsa malamulo amodzi oti onse atsate. Google inailandira msanga. Apple inakana kwa zaka zingapo, koma inavomera m'mwezi wa November 2023, ndipo RCS inalowa mu iPhone m'mwezi wa September 2024 pamodzi ndi iOS 18. Tsono gulu losakaniza Android ndi iPhone likhoza kutumizirana zithunzi zabwino ndi kudziwa amene wawerenga, ngakhale mauthenga ake aonekabe obiriwira. M'mwezi wa March 2025 bungwelo linaonjeza malamulo a katsekedwe ka mauthenga pakati pa mitundu iwiriyi. Koma owerenga adziwe kuti RCS pa iPhone iyenda pokhapokha kampani ya lamya ya m'dzikomo itaitsegula, ndiponso kuti ifuna intaneti. Chotero lamya yamabatani wamba itsalabe kunja.

Maiko a ku Ulaya anadzera njira ya lamulo. Lamulo lawo lotchedwa Digital Markets Act, limene linayamba kumanga makampani aakulu m'mwezi wa March 2024, likakamiza WhatsApp kutsegula khomo kuti mapulogalamu ena atumize mauthenga kwa anthu ake, kuyambira ndi mauthenga a anthu awiri, a pagulu kutsatira pambuyo. Lamulo limeneli lithandiza okhala ku Ulaya okha. Komabe lasonyeza kuti khomo limene anthu ankauzidwa kuti silingatseguke litseguka maiko akalankhula pamodzi. Dziko limodzi la mu Africa lili ndi mawu ochepa pamaso pa makampani otere, koma maiko a SADC, amene anthu awo awoloka malire tsiku ndi tsiku monga achitira pa Mwanza, akhoza kumveka akayankhula ndi pakamwa pamodzi.

ZIMENE ZILI M'MANJA MWA ANTHU

Boma linaika kale maziko ena. Lamulo la za mauthenga la chaka cha 2016 linakhazikitsa thumba la ndalama lothandiza kufikitsa lamya ndi intaneti ku madera amene makampani saona phindu. Ndiponso pali chitsanzo chabwino cha ntchito yosasankha lamya: Chipatala Cha Pa Foni, chimene chinayamba ku Balaka m'chaka cha 2011 nichifalikira m'dziko lonse pansi pa Unduna wa Zaumoyo, chinakonzedwa kuti munthu aimbe nambala 54747 ndi lamya ya mtundu uliwonse. Maofesi a boma, masukulu, mipingo ndi mabungwe a alimi a ku Mwanza achita bwino kutengerapo nzeru imeneyi. Uthenga wa msonkhano, wa katemera, wa mbewu kapena wa madzi osefukira usathere pa gulu; upitenso pa SMS, pa wailesi, ndi pakamwa pa mfumu.

Oyang'anira magulu a pachibale nawonso ali ndi udindo. Poyamba, alembe maina a anthu onse ofunika amene sali pa gulu, ndipo aliyense wa iwo apatsidwe munthu mmodzi womuimbira. Uthenga wa maliro kapena wa kusintha kwa tsiku uyambe ndi kuimbira akuluakulu, kulemba pa gulu kubwere pambuyo, monga mwambo ufunira. Kachiwiri, aphunzire kuwerenga zizindikiro za pa uthenga: chimodzi chisonyeza kuti wachoka m'lamya, ziwiri kuti wafika kwa onse a pa gulu, ndipo ziwiri za buluu kuti onse awerenga. Chizindikiro chikakhala chimodzi tsiku lonse, alipo amene sanalandire, ndipo pulogalamuyo isonyeza maina a amene alandira wotumiza akafufuza.

Kachitatu, wogula lamya yogwiritsidwa kale ntchito, kapena wotumizira makolo lamya kuchokera kunja, ayang'ane nambala ya Android kapena ya iOS imene ili m'katimo asanalipire, kuti asagule nkhalamba yotsala pang'ono kusiyidwa. Kachinayi, anthu apewe mapulogalamu otengera, monga GB WhatsApp, amene anyamata ena aika m'lamya za anzawo. Eni WhatsApp achenjeza kuti atseka nambala zogwiritsa ntchito zimenezi, ndipo palibe angatsimikize chinsinsi chake. Kachisanu, wosintha nambala auze pulogalamuyo ndi gulu lake, pakuti nambala yosiyidwa ipatsidwa kwa munthu wina pakapita nthawi, ndipo mlendo akhoza kumva za m'banja. Potsiriza, mndandanda wa ndalama zosonkha ulembedwenso m'kope, limene silifuna bandulo.

Makolo a dziko lino anali ndi lamulo lawo pa za mithenga: wotumidwa sanali kubwerera asanaonane ndi mwini uthenga maso ndi maso, ndipo pobwerera ankanena amene wamupeza ndi amene sanamupeze. Makampani a kutali adzagwirizana pa nthawi yawo, ndipo mwina tsiku lidzafika pamene lamya zonse zidzamvana monga zimvanira njanji. Kufikira tsikulo, anthu a ku Mwanza asunge lamulo la makolo lija, ndipo wolemba pa gulu asaone ngati wamaliza ntchito kufikira amalume a lamya yamabatani atayankha kuti amva.